Kodi Mwana Angaphunzire Pakhomo Osapita ku Sukulu?

Mwezi wa Januwale ukafika kuno ku Kasungu, m'kaundula wa sukulu za kumidzi mumayamba kuoneka mipata. Mwana amene anabwera tsiku ndi tsiku kuyambira Seputembala ajomba Lolemba, abwera Lachiwiri, kenaka asowa mlungu wathunthu. Mphunzitsi sachita kufunsa chifukwa chake, pakuti achidziwa kale. Fodya wakhwima m'munda, ndipo tsamba lokhwima silidikira munthu. Lifuna kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa lisanaonongeke, ndipo manja a akuluakulu okha sakwanira.

Ndagwira ntchito ya uphunzitsi zaka zoposa makumi awiri, ndipo tsopano ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale m'boma lino. Kale tikaitana makolo kuti adzafotokoze za kujomba kwa mwana, iwo ankangoweramitsa mutu ndi kupepesa. Masiku ano ena abwera ndi yankho lachilendo. Iwo ati, "Tinamva kuti kumaiko ena anthu aphunzitsa ana awo pakhomo, ndipo Boma siliwaletsa. Nanga ife tilekerenji?" Ena anamva zimenezi kwa abale awo ogwira ntchito ku Johannesburg, ena anaziona pa foni. Funso limeneli si lopusa, ndipo si loyenera kuliseka. Ambiri a inu amene muwerenga kabuku aka mwadziwa zilembo muli akuluakulu, m'sukulu za kwacha, ndipo kapena mtima wanu wanena kale kuti, "Popeza tsopano nditha kuwerenga, mwana wanga ndimphunzitsa ndekha." Tiyeni tsono tikhale pansi, tione chimene lamulo linena.

Poyamba tivomerezane kuti pakhomo ndipo pali sukulu yoyamba. Makolo athu analibe bolodi kapena choko, koma sanali kulera mbuli iyayi. Anyamata ankaphunzira ku mphala kusema mipini, kuluka mphasa ndi kumva milandu. Atsikana ankaphunzira kwa amayi awo, kwa agogo ndi kwa anamkungwi. Madzulo pamoto panali nthano ndi zilape zonola nzeru. Palibe lamulo loletsa zimenezi, ndipo ine ndimva chisoni poona kuti zikuchepa. Nkhani yathu ndi yakuti: kodi maphunziro a pakhomo angalowe m'malo mwa sukulu, kotero kuti mwana asalembedwe m'kaundula konse?

Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, amene anakhazikitsidwa mu 1994, anena pa ndime 25 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Pa ndime 13 alangiza Boma kuti liyesetse kuti maphunziro a pulayimale akhale aulere ndiponso okakamiza. Kenaka mu 2013 Nyumba ya Malamulo inapanga Lamulo la Maphunziro latsopano, lolowa m'malo mwa lija la 1962. Lamulo limeneli linena kuti m'sukulu za Boma maphunziro a pulayimale ndi osalipira fizi, ndipo ndi okakamiza kwa mwana aliyense wosafika zaka 18.

Muone kuti pali mawu awiri: ulere ndi kukakamiza. Mawu oyambawo tonse tinawamva ndi makutu onse awiri. Achiwiriwo ambiri tinawamva ndi khutu limodzi. Koma tanthauzo lake ndi lakuti kutumiza mwana ku sukulu si chifundo chimene kholo lichitira mwana likafuna. Ufulu wa maphunziro mwini wake ndi mwanayo. Ife Achewa tidziwa bwino za mwini mbumba amene asunga munda wa adzukulu ake. Iye auyang'anira, aweruza za malire ake, koma sangaugulitse chifukwa choti wasowa ndalama ya feteleza, pakuti mundawo si wake. Momwemonso kholo lisunga ufulu wa mwana. Lingathe kumsankhira sukulu iyi kapena iyo, ya mpingo kapena ya Boma, koma silingamlande sukuluyo.

Ine ndinali mnyamata wa pulayimale pamene fizi inathetsedwa mu 1994, m'nthawi ya ulamuliro wa a Bakili Muluzi. Chaka chimenecho chiwerengero cha ana a pulayimale m'dziko muno chinakwera kuchoka pa mamiliyoni awiri osakwana kufika pafupifupi mamiliyoni atatu. Ndikumbukira anyamata a ndevu atakhala pansi pa mtengo pamodzi ndi tiana ta zaka zisanu ndi chimodzi, onse akuimba a, e, i, o, u. Ife tinkawaseka, monga achitira ana. Lero ndiona kuti anyamata amenewo anakhala pakhomo zaka zonsezo, ndipo pakhomopo sanapezepo zilembo. Chitseko chitangotseguka anathamanga okha.

Palinso mfundo ina pa ndime 25 yomweyo. Sukulu zomwe si za Boma ndi zololedwa, koma ziyenera kulembetsedwa ku Boma, ndipo maphunziro ake asachepere pa a m'sukulu za Boma. Chotero ngati mabanja asanu a pa esiteti agwirizana kusonkhanitsa ana awo m'chisakasa ndi kulemba mnyamata wa Folomu 4 kuti aziwaphunzitsa, maganizowo ndi abwino, koma imeneyo yayamba kukhala sukulu, ndipo akulu a maphunziro ayenera kuidziwa. Njira yake ndi kuyamba kwa mlangizi wa sukulu wa m'zoni yanu, amene adzakulozerani ku ofesi ya maphunziro ya pa boma.

Tsopano tiyeni tipite kumaiko kumene abale athu anamva nkhaniyi. N'zoona kuti ku South Africa kholo lingathe kuphunzitsa mwana pakhomo. Lamulo lawo la sukulu la 1996 linavomereza zimenezi pa ndime 51. Koma amene anabwera ndi mbiriyi anasiya theka lake panjira. Kholo liyenera kupempha kwa mkulu wa maphunziro wa chigawo chake kuti mwanayo alembedwe monga wophunzira pakhomo. Mkuluyo ayenera kukhutira kuti zimenezi n'zokomera mwana, ndi kuti zimene adzaphunzira sizidzachepera pa zimene anzake aphunzira ku sukulu. Mu Seputembala 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina lamulo losintha zina, ndipo linanenetsa kuti mwana wophunzira pakhomo aziyesedwa ndi munthu wodziwa ntchitoyo. Lamulo lomwelo linakweza chilango cha kholo loletsa mwana sukulu popanda chifukwa chomveka, kuchoka pa miyezi 6 kufika pa miyezi 12 ya ndende.

Ku England lamulo la 1944, ndiponso la 1996 limene linabwera pambuyo pake, linaika udindo pa kholo kuti mwana alandire maphunziro okwanira, oyenera msinkhu wake ndi nzeru zake, kaya popita ku sukulu kaya mwa njira ina. Mawu akuti njira ina ndiwo khomo limene ophunzitsa pakhomo alowera. Komabe akulu a m'deralo akaona kuti mwana saphunzira kanthu, ali ndi mphamvu yolamula kuti apite ku sukulu. Ku Germany ndiye anakaniratu. Kumeneko mwana aliyense ayenera kufika ku sukulu ndi miyendo yake, ndipo makolo ena atakadandaula ku bwalo la ufulu wa anthu la ku Strasbourg, mu 2006 bwalolo linakana dandaulo lawo.

Maiko atatu, njira zitatu. Koma chimene ine ndionapo ndi ichi: kumene alola kuphunzitsa pakhomo, katundu wa kholo sapepuka koma alemera. Kholo lisanduka mphunzitsi weniweni, wokhala ndi mabuku, ndi nthawi yake ya maphunziro tsiku ndi tsiku, ndi zoonetsa akafunsidwa. Kawirikawiri mmodzi wa makolowo asiya ntchito yake kuti akhale ndi mwana. Kwathu kuno tifuna kuti mwana asiye sukulu kuti ntchito ya kholo ichepe. Zinthu ziwirizi zafanana dzina lokha.

Chaka china bambo wina, mlimi wa fodya wa bale, anabwera ku ofesi kwanga nditamuitana chifukwa cha mwana wake wamkazi wa mu Sitandade 5. Anali munthu waulemu, ndipo anali atangomaliza sukulu ya kwacha. Anati, "Ahedi, mwanayu muyambe mwamchotsa m'kaundula. Ndidzamphunzitsa ndekha kufikira titagulitsa fodya."

Ndinafunsa kuti, "Nanga bambo, mudzamphunzitsa nthawi yanji?"

"Madzulo, tikaweruka ku chigafa."

"Ku chigafako muweruka nthawi yanji?"

Anaseka pang'ono, pakuti tonse tidziwa kuti nyengo yosoka anthu aweruka maso atasiya kuona singano. Koma sanagonje. Anandiyang'ana nati, "Ahedi, inunso ndikufunseni. M'kalasi la mwana wangayu muli ana angati?" Ndinamuuza zoona, kuti aposa zana. "Buku limodzi awerenga ana angati?" Ndinamuuzanso zoona. Tsono iye anati, "Ine pakhomo ndili ndi mwana mmodzi ndi buku limodzi. Wochepa ndani, ine kapena inu?"

Mawu amenewa ndi olasa, ndipo mphunzitsi woona mtima sangawakane. Makalasi athu ndi odzaza, ena aphunzirira pansi pa mitengo, ndipo mvula ikagwa tiweruka nthawi isanakwane. Alipo ana amene afika Sitandade 3 asanathe kuwerenga chiganizo. Lamulo lokakamiza kholo kutumiza mwana likakamizanso Boma kumanga zipinda ndi kulemba aphunzitsi, ndipo kholo lili ndi ufulu wonse wofunsa zimenezi pa msonkhano wa komiti ya sukulu, pamaso pa mfumu ndi pa khansala. Koma ndinawauza bambowo kuti m'buku lawo la kwacha mulibe masamu a Sitandade 5, mulibe Chingerezi, mulibe sayansi. Ndipo mwana amene waimirira m'munda kuyambira mame asanakamuke, madzulo mutu wake ufuna mphasa, osati buku. Tinapangana kuti mwanayo azibwera m'mawa, ndipo iwo aziona makope ake usiku uliwonse ndi kulembamo dzina lawo ndi dzanja lawo. Kunena zoona mwanayo ankabwera masiku atatu kapena anayi pa mlungu kufikira kumapeto kwa Malichi. Koma dzina lake silinachoke m'kaundula, ndipo siginecha ya bambo ake ndinkaiona m'kope, yolembedwa mosamala ngati ya pa cheke.

Pa nkhani ya fodya pali malamulo enanso amene mlimi ayenera kuwadziwa. Ndime 23 ya malamulo aakulu a dziko iteteza ana ku ntchito yoopsa ndi ntchito yosokoneza maphunziro awo. Lamulo la Ntchito la 2000 liletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, ndiponso kupatsa ntchito yoononga thanzi kwa wosafika zaka 18. Fodya wamuwisi, makamaka wonyowa ndi mame kapena mvula, atulutsa chikonga chimene chilowa m'thupi kudzera pakhungu. Mwana akadandaula mutu, chizungulire ndi nseru pochokera kothyola fodya, ambiri tiganiza malungo, pamene nthawi zina ndi tsamba lomwelo. Thupi la mwana ndi laling'ono, ndipo lilandira ululuwo msanga kuposa la wamkulu.

Ndipo nkhaniyi yafika kale m'thumba la mlimi. Mu Novembala 2019 dziko la United States linalamula kuti fodya wochokera ku Malawi aziimitsidwa pa madoko ake chifukwa cha mbiri ya ntchito yokakamiza ndi kugwiritsa ana ntchito, kufikira wogulitsa ataonetsa kuti fodya wake ndi woyera pa mlanduwo. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa mchitidwe wa utenanti. Makampani ogula fodya pa kontalakiti atumiza alangizi awo m'minda, ndipo china chimene ayang'ana ndi ana. Munthu angaganize kuti wapulumutsa ndalama ya aganyu awiri posunga ana pakhomo, osadziwa kuti waika pangozi mabelo onse amene afuna kupita nawo ku Chinkhoma.

Kuphunzira pakhomo tinakuyesa kale tonse, ngakhale sitinachite kufuna. Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. A Sitandade 8 anabwerera mu Seputembala, ndipo ena onse mu Okutobala. Boma linaulutsa maphunziro pa wailesi, koma wailesi ifuna mabatire, ndiponso ifuna munthu wamkulu wokhazika mwana pansi nthawi ya pologalamu ikakwana. Ana atabwerera, kusiyana kwake kunaoneka tsiku loyamba lomwe. Ochokera ku makomo kumene kunali munthu wodziwa kuwerenga anali atasunga zambiri. Ena anaiwala ndi kagwiridwe ka pensulo komwe. Atsikana ena aakulu sitinawaonenso; tinangomva kuti ali pa banja kapena ali ndi pakati. Miyezi imeneyo inandionetsa kuti sukulu si zilembo zokha. Ndi malo amene tsiku lililonse munthu wina wamkulu aitana dzina la mwana, ndipo akapanda kuyankha afunsa kuti ali kuti.

Ena anditchulira William Kamkwamba, mwana wa kwathu konkuno kwa Wimbe. Ati, "Si uyo anasiya sukulu, nadziphunzitsa yekha, dziko lonse n'kumdziwa?" Inde, mnyamatayo anasiya sekondale nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake analibe fizi, ndipo anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa, njinga yakale ndi mitengo ya bulugama. Tinyadira naye. Koma tiyang'anitsitse. Mabuku amene anamtsegula maso anawapeza m'kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale, ndipo anatha kuwatsegula chifukwa anali atapita kale ku pulayimale. Makolo ake sanamchotse ku sukulu mwa kufuna kwawo, inali njala. Ndipo mwayi utapezeka iye anabwerera m'kalasi, mpaka anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku United States mu 2014.

Palinso nkhani ya setifiketi. Mayeso a Sitandade 8 ayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, ndipo mayina a ana apita kumeneko kudzera ku sukulu. Zotsatira za mayeso omwewo ndizo Boma lisankhira ana opita ku Folomu 1. Mwana amene dzina lake lilibe m'kaundula aliyense, ngakhale akhale wanzeru chotani, ali ngati fodya wabwino wopanda nambala ya mlimi: pa okushoni salowa.

Mlandu wovuta kwenikweni ndi wa mabanja okhala kutali, m'maesiteti a m'mphepete mwa Bua ndi Dwangwa kapena kufupi ndi malire a nkhalango, kumene kamwana ka zaka 6 sikangathe kuwoloka dambo lodzaza madzi. Kholo loopa kuti mwana wake angakokoloke sindingalidzudzule. Pamenepo ndi pamene kuphunzitsa pakhomo kuli ndi malo ake enieni. Mwanayo alembedwe ku sukulu, ndipo masiku amene mtsinje wadzaza kholo likatenge ntchito kwa mphunzitsi, limthandize pakhomo, madzi akaphwa abwerere. Aphunzitsi ambiri sakana pempho lotere. Midzi ina inaumba njerwa n'kupempha sukulu yaing'ono ya makalasi oyamba pafupi, ndipo sukulu zambiri zimene tiziona lero zinayamba motero. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu amene musamuka kutsata ntchito, kuchoka ku Mulanje, ku Phalombe kapena ku Mangochi kudzalima kuno, musaiwale kalata ya transifa. Kakalata kameneka n'kopepuka kuposa mphika umene munyamula pamutu, koma popanda iko mwana avutika kulowa kalasi lake, ndipo ena abwezedwa m'mbuyo mpaka agwa ulesi. Kwa ana amene anasiya kalekale ndipo achita manyazi kukhala ndi tiana, m'madera ena muli makalasi apadera othandiza otere kuti abwerere ku sukulu; funsani kwa mphunzitsi wamkulu wa kwanuko. Dziwaninso kuti mafumu ambiri anakhazikitsa malamulo a m'mudzi, ndipo kholo losunga mwana pakhomo lilipitsidwa nkhuku kapena mbuzi. Kwina ngakhale gule wamkulu atuluka m'mawa kuperekeza ana ojomba, ndipo ana athamanga liwiro limene belu langa silinawathamangitsepo.

Tsono inu amene mwadziwa kuwerenga muli akuluakulu, ntchito yanu ilipo, ndipo ndi yaikulu kuposa imene muganiza. M'kalasi la ana zana mphunzitsi sangamve mwana aliyense akuwerenga. Inu mungathe. Mwana akabwera ku sukulu, atadya ndi kupumula, muuzeni atsegule kope. Awerenge mokweza, inu mukutsata ndi chala. Mukapeza mawu okuvutani nonse awiri, alembeni pa kapepala, mawa akafunse aphunzitsi, abwere adzakuuzeni. Mpatseni lisiti la feteleza awonkhetse. Pepala la malonda a fodya likabwera, khalani naye pansi muone limodzi makilogalamu, mtengo wake, ndi zimene adula. Theka la ola likwana, ngakhale ndi tochi ya pa foni.

Chaka cha sukulu chiyamba mu Seputembala, nthawi yomwe mukonza nazale. Mwana amene wakwanitsa zaka 6 mubwere naye inu eni, osangomtuma ndi mkulu wake, kuti mphunzitsi akudziweni nkhope ndi mudzi wanu. Tengani chiphaso chake cha kubadwa, kapena kabuku kake ka ku sikelo, kuti zaka zake zilembedwe zoona. Ndipo ngati mudziwa kale kuti mu Febuluwale manja adzachepa pa chigafa, nenani tsiku lomwelo, kuti tikambirane nthawi ikadalipo.